Tsiku Limene Ndinakana Kuchotsa Chingwe

Inu ana anga, Chikondi ndi Madalitso, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene ndinasiyira ntchito ku sinema kuja ndikadali ndi mphamvu, ndipo nthawi zonse ndakhala ndikukuyankhani kuti ndi mawondo. Linali bodza. Mawondo angawa mpaka lero amakwera basi osagwira chitsulo. Ntchito ija sindinaisiye ayi, anandichotsa mwakachetechete, ndipo ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umanditentha ngati zachitika dzulo. Ndailemba pano kuti muidziwe yonse. Maina ena ndawasintha dala, ndipo la sinemayo sindilitchula n'komwe.

1995, ku Kawale

Ntchito yoyamba yolandirapo malipiro ndinaipeza ndili kale ndi inu nonse awiri. Alamu anga anali ndi vidiyo shoo ku Kawale, kachinyumba ka malata kopanda mawindo, mabenchi ndi kanema mmodzi wokhazika pa mpando. Ine ndinkakhala pakhomo kulowetsa anthu. Malangizo a alamu anga anali amodzi okha: amene walipira alowe. Ndiye ankalowa, akuluakulu ndi ana omwe, ena atavala yunifolomu ya sukulu, ena atabereka ang'ono awo. Zimene ankaonera m'katimo ine sindinkazidziwa ndipo sindinkafuna kuzidziwa, ndinkangomva kukuwa ndi mfuti kumbuyo kwa chitseko.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wogulitsa tomato pamsika, atagwira padzanja kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri. Anati mwanayo watha sabata akukodza pogona ndipo akukana kulowa m'nyumba yekha, chifukwa cha zimene anaona kwathuko. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha mwachipongwe kuti, "Mayi, ine ndimangolowetsa anthu, filimu sindisankha ine." Mayi uja sanakuwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Ine ndinamulola kubwera kuno chifukwa ndinamva kuti pakhomo pamakhala mzimayi." Analavula malovu pansi n'kumapita. Ndinagwirabe ntchitoyo chaka china chifukwa munkafunika kudya, koma mawu a mayi uja ndinabwera nawo mpaka kuno ku Perth.

2008 mpaka 2019

Titafika kuno, malemu bambo anu anapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Malaga. Ine ndinayamba ndi kuchapa nsalu za m'mahotela ku Fremantle, kukwera sitima m'mamawa, manja kusupuka ndi mankhwala. Nditatha zaka zitatu kumeneko ndinamva kuti sinema ina yaing'ono ikufuna munthu wa pakhomo. Inali ya maholo awiri okha, mwini wake anali mayi wina wachikulire wa ku Italy, tinkamutchula Mayi Rosa. Atandifunsa ngati ndinagwirapo ntchito yotere, ndinangoti eya, za ku Kawale sindinafotokoze.

Mayi Rosa ndi bwana yekhayo amene ndinamuopa ndi kumukonda nthawi imodzi. Tsiku loyamba sanandisonyeze makina a matikiti kapena poto wa mbuliwuli. Ananditengera pa zithunzi za mafilimu zomata kukhoma n'kumandilozera kachizindikiro kapakona. Chobiriwira n'cha aliyense. Chachikasu, kholo lionepo. Chabuluu n'cha okulirapo, koma lamulo sililetsa mwana. Chofiira ndiye chinali ndi mano: wosakwana zaka khumi ndi zisanu salowa popanda kholo lake kapena wamkulu womusamalira. Chakuda, mwana asayandikire n'komwe. Kenaka anandipatsa chingwe chija chimene chimatchinga khomo la holo, chofiira, chokhala ndi kambedza kachitsulo, n'kunena kuti, "Grace, chingwe ichi ndi chako, si changa. Ngakhale mdzukulu wanga atabwera yekha pa filimu yofiira, um'bweze, ndipo akalira umusiye alire."

Anandipatsanso ntchito ina imene achinyamata ankaithawa. Filimu iliyonse isanaonetsedwe kwa anthu, munthu mmodzi ankayenera kukhala m'holo m'mawa n'kuionera yonse, kuti aone ngati mawu ndi zithunzi zili bwino. Kwa zaka zonsezo ndinaonera mafilimu ochuluka kuposa aliyense mumpingo mwathu, ine mzimayi wa Mvano. Ndinabweza anyamata ometa ndevu zongoyamba kumene, atsikana opaka milomo kuti aoneke aakulu, ngakhale mwana wa dokotala wanga. Ena ananditukwana. Sindinadandaule chifukwa ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli Mayi Rosa. Mu 2019 anakalamba, anagulitsa sinemayo, ndipo eni ake atsopano anatitumizira manijala, mnyamata wa msinkhu wa iwe Madalitso, dzina lake ndingoti Darren.

2020

Mliri utafika anatitsekera. Miyezi ingapo tinakhala pakhomo, ndipo titatsegulanso inali sinema ya dzina lokha. Mipando ina anaimanga matepi kuti anthu atalikirane, pakhomo panali botolo la mankhwala osamba m'manja limene linkatha mosakhalitsa, ndipo mafilimu atsopano sankabwera chifukwa kumene amawapangako zinthu zinali zitaima. Anzanga ambiri anawachotsa. Otsalafe tinali aganyu, kudikira uthenga wa pafoni Lamlungu lililonse kuti tione ngati dzina lathu lili pa ndandanda wa mashifiti. Darren anabwera ndi nzeru yakuti magulu azichita hayala holo yonse n'kudzisankhira filimu yakale pa mndandanda. Nzeruyo sindiinyoza, inatisungira ntchito. Chimene chinkandinyansa n'chakuti munthuyo ankayendetsa sinema koma sanakhalepo pansi kuonera filimu ngakhale imodzi, maso ake ankangokhala pa kompyuta.

Chaka chomwecho mumpingo mwathu munagwa zovuta zimene inu mumazidziwa theka lokha. Bambo Lungu, amene ankayendetsa galimoto yonyamula anthu ku bwalo la ndege, anamwalira. Pagulu tinanena kuti ndi BP. Si BP. Ntchito itawathera, malire atatsekedwa, mayi awo atamwalira kumudzi iwo osatha kupita kukaika, anadzimangirira m'galaja la nyumba yawo. Amene anatsegula chitseko cha galajalo anali mwana wawo Thoko, wa zaka zisanu ndi zitatu, akukatenga njinga yake. Ine ndikudziwa chifukwa ndinali mmodzi wa amayi ochepa amene tinaloledwa kukakhala pasiwa, ndipo mwanayo ndinamufungatira ndekha akunjenjemera. Amake Thoko anatigwadira kutipempha kuti mawu amenewo asadzatuluke pakamwa pa munthu. Akuluampingo anavomera, ifenso tinavomera. Kwathu n'mmene timachitira, imfa yotere sititchula dzina lake, ndipo timaganiza kuti tikakhala chete mwana aiwala.

Mmodzi mwa akuluampingowo anali Bambo Kamanga. Ndiwapatse zawo: ndi iwo anasonkhanitsa ana a mabanja athu n'kupanga timu ya bezibo ya ana, ija amakhazika mpira pa kamtengo mwana n'kuumenya ndi chibonga. Masewerawo ife a ku Malawi sitinkawamvetsa, tinkangoombera m'manja tikaona mwana akuthamanga. Mdzukulu wanga Tadala anali m'timumo. Bambo Kamanga anapita okha kukam'tenga Thoko kunyumba, ndipo pang'ono ndi pang'ono mwana amene anasiya kulankhula uja anayamba kukuwa pabwalo. Zimenezo anachita bwino, ndipo n'chifukwa chake zimene anachita pambuyo pake zimandipweteka kwambiri.

Malichi 2021, Lachisanu

Nyengo ya masewera itatha, Bambo Kamanga anaganiza zosangalatsa ana. Anachita hayala Holo Yachiwiri kwathuko, Loweruka 2 koloko masana. Ine sanandifunse kanthu. Ndinangoona uthenga pa gulu la mpingo la pafoni: "Makolo, ana mudzangowatula pakhomo la sinema, kuli a Nachisale." A Nachisalewo ndi ine amene. Ndinaseka, chifukwa ndi mmene timakhalira. Pamene pali mayi wamkulu wa mpingo, ana ali m'manja abwino, kholo limapita ku shifiti mtima uli m'malo.

Lachisanu m'mawa ndinalowa m'holo kukayesa filimu imene anasankha. Chithunzi chake chinali chokongola: bambo atanyamula chibonga paphewa, kamnyamata kali pambali pake, udzu wobiriwira. Koma pakona panali chizindikiro chofiira. Ndinati mwina ndi kutukwana chabe. Filimu inayamba. Bambo wina, wosewera bezibo amene timu yake yam'taya, akumwa mowa m'khitchini. Mwana wake akubwera kuchokera kusukulu, akufunafuna mpira wake, akupita kuseri kwa nyumba, akutsegula chitseko cha galaja. Ana anga, sipanathe mphindi khumi. Anaonetsa zonse, mapazi ali m'malere, mpando utagwa, nkhope ya mwanayo. Ndinaimirira mumdimamo ndekhandekha n'kukuwa kuti, "Mayo ine!" Ndinaionera mpaka kumapeto chifukwa inali ntchito yanga. Mwana uja akukula, akutchuka, akumeza mapilisi, akumenya mkazi wake, ndiponso muli za kuchipinda zimene sindingazilembe apa. Si filimu yoipa ayi, munthu wamkulu angaphunziremo kanthu. Koma si ya ana a zaka zisanu ndi zinayi, ndipo si ya Thoko.

Ndinapita molunjika ku ofesi ya Darren. Ndinamuuza kuti filimu ya mawa ndi yofiira ndipo oonera ake ndi ana aang'ono. Osachotsa maso pa kompyuta anati, "Ndi filimu ya masewera, Grace. Asankha okha." Ndinati tisinthe, tiike ya zidole imene inali ku Holo Yoyamba. Anati sizingatheke, chilolezo cha filimuyi chatengedwa kale ndipo makina aikidwa nthawi yake. Ndinam'kumbutsa lamulo. Apo ndiye anatembenuza kompyuta kundisonyeza fomu imene Bambo Kamanga analemba. Pa mzere wofunsa wamkulu wosamalira anawo panali dzina langa. Darren anamwetulira n'kunena kuti, "Si ndiwe anti wa aliyense kwanuko? Ukhala nawo m'katimo, nkhani yatha." Ulemu umene anthu akwathu anandipatsa, mwana uyu ankafuna kuugwiritsa ntchito ngati chidindo. Ndinamuuza kuti dzinalo analilemba osandifunsa. Anati, "Anthu ambiri akufuna mashifiti masiku ano. Uganize bwino."

Panthawi yopuma ndinawaimbira Bambo Kamanga. Ndinayamba mwaulemu, kuwafunsa za kunyumba, kenaka ndinati, "Bambo, filimu mwasankhayi munaionerapo?" Anaseka. "A Nachisale, ine za mafilimu ndi liti? Ndinangoona chithunzi cha bambo ndi mwana wake akusewera. Ndi ya mpira imeneyo." Ndinawauza kuti muli mowa, muli zamaliseche, muli imfa. Anati ana a kuno amaona zoposa pamenepo pa matabuleti awo. Ndinatsitsa mawu n'kunena kuti, "Bambo, imfa yake ndi ya m'galaja. Ganizirani mwana wa malemu." Kenaka anati, "Mayi, musadzutse zimene zinagona. Mwana uja anaiwala, simukumuona mmene akusewerera? Inu amayi mumakonda kukulitsa zinthu. Makolo asonkha kale, ana akudikira. Tionana mawa." Anadula foni. Munthu amene ananyamula nawo bokosi la Bambo Lungu anandidulira foni!

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Ndikanatha kuwaimbira amake Thoko. Foni ndinaigwira kawiri. Koma ndikanayamba bwanji? Mayi uja anali atanena za BP kwa miyezi yonseyo mpaka mwina anayamba kuzikhulupirira yekha, ndipo ine ndinali nditalonjeza atandigwadira. Ndinachita mantha, ndinaibweza foniyo m'chikwama.

Loweruka

Kunatentha tsiku limenelo. Kuyambira hafu pasiti wani magalimoto anayamba kuima pamsewu, injini osazimitsa, chitseko kutseguka, mwana kutsika, dzanja kutuluka pawindo: "Zikomo anti!" Makolo ambiri ankathamangira ku mashifiti a m'nyumba zosamalira okalamba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsika kuti ayang'ane chithunzi chimene chinali pakhomo, chizindikiro chofiira chili poonekera. Anaona ine basi. Ana anadzaza pabwalo la m'kati atavala malaya a timu ndi zipewa zawo, aliyense ndi kathumba ka mbuliwuli. Thoko anabwera atamangidwa tsitsi latsopano, atagwirana manja ndi Tadala.

Bambo Kamanga anafika atavala jekete, makiyi a galimoto ali m'manja, chifukwa ankapita ku msonkhano wa akuluampingo. Anati, "A Nachisale, nawa ana anu, ine ndidzawatenga 4 koloko." Ine ndinali nditaima pakhomo la Holo Yachiwiri, chingwe chili chokoleka. Ndinati, "Bambo Kamanga, dzina langa munalilemba osandifunsa, ndipo ndakana. Apa palibe kholo la mwana aliyense. Salowa." Darren anatuluka mu ofesi nkhope itafiira. Bambo Kamanga anaponya makiyi m'thumba n'kunena m'Chingerezi, kuti Darren amve, "Chabwino, msonkhano ndausiya. Wamkulu wowasamalira ndine." Darren anatambasula manja. "Wamva, Grace? Wamkulu alipo. Chotsa chingwe."

Apa ndiye panali povuta, ana anga. Lamulo limene ndinkalidalira lija linali litandithawa. Kaya mphunzitsi wa masewera angaime m'malo mwa makolo a ana onsewo kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya maloya, ine ndinalibe nthawi yake. Bwana wanga anali atalamula, mkulu wa mpingo wanga anali atalamula, ndipo chifukwa changa chenicheni sindikanatha kuchinena, mwini wake, Thoko, ali chiimire patsogolo panga akutafuna mbuliwuli. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri, wamasiye, waganyu, m'nyengo imene ntchito inali yosowa. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndikapanda kuchotsa chingwecho, pamalopo sindidzaimaponso. Ndinakumbukira mayi wa tomato wa ku Kawale uja. Ndinachotsa kambedza, koma m'malo motsegula njira ndinakulunga chingwecho padzanja langa kawiri n'kuima pakati pa khomo.

Ndinalankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ana asatolepo zambiri. "Bambo Kamanga, makina ayamba okha 2 koloko, kaya muli anthu kaya mulibe. Lowani nokha. Mukhale mphindi khumi zokha. Mukatuluka n'kundiuza kuti ana alowe, ndichoka pano ndekha ndipo Lamlungu ndidzakupepesani pamaso pa mpingo." Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Mayi inu mukundichititsa manyazi pamaso pa mzungu." Ndinati, "Manyazi sapha munthu, bambo. Lowani." Analowa mokwiya, chitseko chinatsekeka.

Mphindi khumi zimenezo sindidzaziiwala. Darren anaima pafupi ndi khutu langa akunong'ona kuti aitana achitetezo, kuti ndikuwononga dzina la sinema, kuti ndikudziona ngati ndani. Ndinamuyankha kuti aitane, adzandinyamule ndi chingwe chomwe. Ana anayamba kudandaula, nyimbo yoyambira filimu ikumveka kuseri kwa chitseko. Tadala anandikoka siketi akulira, akunena m'Chingerezi chake cha pamphuno chija kuti agogo mukundichititsa manyazi, anzanga andiseka. Koma amene anandilasa mtima ndi Thoko. Anabwera pafupi, n'kundifunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Anti, talakwa chiyani?" Ndinati, "Simunalakwe kanthu, mwanawe." Koma dzanja langa silinamasuke pa chingwe.

Bambo Kamanga anatuluka mphindi khumizo zisanakwane. Nkhope inali itatuwa, thukuta lili chuchuchu ngakhale m'holomo munali mozizira. Maso awo anapita kwa Thoko, n'kubwerera pansi. Ine ndinadikira. Ndinkayembekeza mawu ochepa chabe, akuti ana inu, ndasankha filimu yolakwika, pepani. Mukudziwa chimene ananena? Anakonza jekete lawo, n'kuuza anawo m'Chingerezi kuti, "Anti akana kuti tilowe. Tiyeni tikadye ayisikilimu." Anti akana! Munthu woti waona ndi maso ake, anasankha kundiponya ine kutsogolo kuti jekete lake lisade. Ana onse anandicheukira ndi maso a chidani. Filimu inapitiriza kusewera m'holo mopanda munthu mpaka kumapeto.

Makolo anaimbiridwa kuti adzatenge ana msanga. Amake Thoko anachoka pa shifiti pakati, anafika atavala yunifolomu ya kuntchito, n'kupeza mwana wawo akulira pa benchi. Anandipeza pamalo oimika magalimoto. Mayi wofatsa uja anandikalipira anthu akuona. "A Nachisale, ndinakulakwirani chiyani? Mwana wanga miyezi yonseyi sanadzukepo akuimba. Lero lokha anadzuka akuimba, anadzisankhira yekha zovala, ndiye inu mwamuliza chifukwa cha timalamulo ta azungu? Inu amene mukudziwa zimene mwanayu wadutsamo?" Chiganizo chimodzi chokha chikananditsuka. Koma Thoko anali m'galimoto, windo lili lotsegula. Ndinangoti, "Pepani, amake Thoko." Anamenyetsa chitseko n'kumapita.

Pambuyo pake

Darren sanandiitane mu ofesi, sanandilembere kalata. Waganyu sachotsedwa, amangoiwalika. Lamlungu lotsatira dzina langa linali ndi shifiti imodzi, lotsatiralo linalibe. Nditamuimbira foni anati zinthu zachepa, adzandiuza zikasintha. Zaka khumi pakhomo limodzi, popanda ngakhale kapu ya tiyi yotsanzikirana. Yunifolomu ndinakaisiya ndekha kwa mtsikana wogulitsa matikiti. Iwe Chikondi, posakhulupirira za mawondo zija, unandiuza kuti tikadandaule ku maofesi oona za apantchito, ndipo unakwiya nditakana. Ndinakana chifukwa akanandifunsa kuti n'chifukwa chiyani sindinamvere bwana wamkulu atapezeka, ndipo yankho lake linali ndi dzina la mwana wa eni.

Pa gulu la mpingo Bambo Kamanga analemba kuti, "Makolo pepani, panali kusamvana pang'ono ndi ogwira ntchito pakhomo." Ogwira ntchito pakhomo! Dzulo lake ndinali a Nachisale osungira ana a mpingo wonse, lero ndasanduka wogwira ntchito pakhomo. Amayi ena anayamba kunena kuti ndakhalitsa kwa azungu, ndaiwala umunthu. Ena ankati ndinkafuna kuonetsa mphamvu pa kachingwe. Mwa onsewo palibe amene anatenga foni yake, imene amakhalira kuitokosa tsiku lonse, kuti aone kuti filimuyo inali yotani. Zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero kuposa za Darren. Darren sankawadziwa ana aja. Ife timawadziwa, timawakonda, koma timawatula pakhomo ngati katundu, bola pakhale munthu wovala chitenje woti tidzam'loze chala.

Patatha mwezi, Bambo Kamanga anandipeza ndekha kuseri kwa tchalitchi ndikutsuka makapu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Mayi, Mulungu akudalitseni pa zija." Ndinaika kapu pansi. Ndinati, "Madalitso a kuseri sindikuwafuna, bambo. Mukanene pagulu." Anati, "Ndinganene bwanji osatchula za malemu?" Ndinati, "Za malemu zisiyeni. Mukangonena kuti filimu inali ya akuluakulu, munaisankha musanaione, ndipo Nachisale anakuchenjezani Lachisanu. Pamenepo pali dzina la malemu?" Anakanda kumutu, anati aganizira. Akuganizirabe mpaka lero, ndipo chaka chatha anawasankhanso kukhala mlembi wa mpingo.

Lero

Sindinapezenso ntchito ina. Pa msinkhu wanga, m'nyengo imene ija, palibe ankafuna mayi wodziwa kugwira chingwe. Ndinapuma mokakamizidwa, ndipo n'chifukwa chake ndinasiya nyumba ija n'kudzakhala kuseri kwa iwe Madalitso. Tadala anatha masabata atatu osandilankhula, kenaka anaiwala, ana ndi choncho. Ndinamulonjeza kuti akadzakwanitsa zaka khumi ndi zisanu tidzaionera limodzi filimu ija, ine ndi iye, ndipo ndidzamuuza chilichonse chimene adzafunse. Bodza la BP lija sindidzalinenanso kwa mdzukulu wanga, latidyera zambiri.

Musandiyese woyera. Ndinalowetsa ana ambirimbiri ku Kawale amene maina awo sindiwadziwa, ndipo Lachisanu lija ndinachita mantha kuimba foni imene ikanatha kukonza zonse. Koma mukandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo pa za Loweruka lija, yankho ndi ayi, ndipo Darren wina atabwera mawa ndingakulungenso chingwecho padzanja. Pepala ili mulisunge m'nyumba, lisatuluke, ndipo musadzayese kukandiyeretsa kwa aliyense.

Thoko akusewerabe, tsopano ali m'timu ya atsikana okulirapo, mpira amachita kum'ponyera. Nthawi zina ndimakwera basi mpaka ku Morley, n'kusintha ina yopita kubwalo lawo, n'kukakhala kumapeto kwa benchi. Malamulo ake sindinawamvetsebe. Ndimangoona mwana wamtali akumenya mpira, akuthamanga, akuseka ndi anzake, ndipo ndimadziwa chitseko chimodzi chimene sanatsegule kachiwiri. Amake amakhala mbali ina ya benchi lomwelo. Kuyambira tsiku lija sanandipatsepo moni. Ndimawapatsa ine.